ASODZI ASANDUKA ALONDA A ZISA KU BANGWEULU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Caka ciri conse madzi akayamba kuphwa m'madambo a Bangweulu, kumpoto kwa dziko lathu, pamakhala amuna ena amene amatsazika mabanja ao, nalonga ufa, mcere ndi zofunda m'bwato, n'kukakhala miyezi ingapo pakati pa gumbwa ndi bango. Amuna amenewa ndi asodzi obadwira komweko, koma pa ulendo umenewu nchito yao yaikulu ndi kulonda zisa za mbalame imodzi yosowa kwambiri yochedwa shoebill.

Dzina limeneli ndi la Cingerezi, ndipo linabwera cifukwa mlomo wa mbalameyi ndi waukulu ndi wotakata ngati nsapato. Ikaimirira imaposa mita imodzi kutalika, nthenga zace ndi zotuwa ngati phulusa. Imatha kuima duu m'madzi kwa nthawi yaitali osagwedezeka, kudikira mlamba kuti ubwere pamwamba kudzapuma mpweya, ndipo pamenepo imaugwera ndi thupi lonse. Mbalameyi imapezeka mu Africa mokha, kuyambira ku South Sudan mpaka kuno ku Zambia, ndipo Bangweulu ndiwo malo otsiriza kum'mwera kumene imaswa. Akatswiri a bungwe la IUCN amayerekeza kuti pa dziko lonse mbalame zazikulu za mtundu umenewu zatsala pakati pa 3,300 ndi 5,300 cabe.

Cifukwa cace cisa cisowa mlonda

Shoebill simanga cisa m'mtengo ai. Imaunjika udzu ndi zomera za m'madzi pamwamba pa zinyalala zoyandama, kapena pa kacilumba kakang'ono, ndipo imaikira mazira amodzi, awiri kapena atatu. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira mazirawo kwa masiku ngati 30. Dzuwa likatentha, zimatunga madzi ndi mlomo wao waukuluwo n'kuthira pa mazira kapena pa ana kuti azizidwe.

Mwana akaswedwa amatenga miyezi itatu ndi masiku ena asanayambe kuuluka. Kunena kwina, kucokera pa dzira mpaka kuuluka pamapita miyezi yoposa inai, ndipo nthawi yonseyi cisa ciri poyera, pamalo amene munthu wa bwato angafike. Cinanso n'cakuti ngakhale ana ataswedwa awiri, kawirikawiri amakula ndi mmodzi yekha, pakuti wamkulu amalanda cakudya ndi kupondereza mng'ono wace mpaka kufa. Motero munthu akacotsa mwana mmodzi m'cisa, ndiye kuti wapha mbeu yonse ya caka cimeneco.

Adani a cisa ndi atatu. Woyamba ndi anthu akuba mazira ndi ana kuti akagulitse kwa amalonda amene amatumiza mbalamezi kunja kwa dziko mozemba. Waciwiri ndi moto wa lupsa, umene anthu amayatsa m'cirimwe udzu ukauma, nthawi imene ana sanathe kuuluka. Wacitatu ndi phokoso ndi kupitapita kwa anthu pafupi ndi cisa, kumene kumathawitsa makolo ndi kusiya ana padzuwa.

M'mene nchitoyi inayambira

Madambo a Bangweulu analembedwa m'caka ca 1991 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, potsata pangano la ku Ramsar limene maiko anapangana mu 1971. M'caka ca 2008 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi makomiti a anthu a m'maiko a mafumu asanu ndi mmodzi, Chiundaponde, Kopa, Kabinga, Nsamba, Bwalya Mponda ndi Chitambo, kuti aziyendetsa malowa mothandizana. Bangweulu asiyana ndi mapaki monga South Luangwa, cifukwa anthu sanasamutsidwe: amakhala momwemo, kusodza ndi kulima.

Nchito ya alonda a zisa inayamba mu 2012. Oyang'anira anaona kuti asilikari a nyama sangathe kudziwa njira zonse za m'gumbwa monga m'mene azidziwira msodzi amene wapalasa bwato kumeneko kuyambira ali mwana. Kotero cisa cikapezeka, amasankha asodzi a m'dera lomwelo kuti acisunge mpaka mwana atauluka. Alondawa amalandira malipiro, koma amene anagonako m'dambo usiku wa mwezi wa Juni angavomereze kuti nchito yotere imafuna munthu wodzipereka ndi mtima wonse.

Moyo wa pa msasa

Mlonda amakhala m'msasa wa udzu monga acitira asodzi onse a kumeneko, pa kacilumba kapena pa culu cosamizidwa ndi madzi, patali pang'ono ndi cisa kuti asaopseze mbalame. Nkhuni n'zosowa, cisanu ca m'madzi cimalowa m'mafupa, udzudzu ndi wosaneneka, ndipo cipatala ciri kutali. Poyenda ayenera kucenjera ndi ng'ona ndi mvuu. Kumudzi wasiya mkazi ndi ana, ndipo maliro kapena matenda akagwa, uthenga umamupeza mocedwa.

Nchito yace ndi kuona ngati makolo akubwerabe ndi cakudya, ngati mwana akukula bwino, ndi kudziwitsa oyang'anira msanga akaona bwato lacilendo kapena utsi ukuyandikira. Amalankhulanso ndi asodzi anzace kuti asachere maukonde kapena kuyatsa moto pafupi. Apa m'pamene pali mphamvu ya nchitoyi, pakuti mau a mnansi amamveka msanga kuposa mau a mlendo wovala yunifomu, ndipo wakuba amacita manyazi kubera munthu amene adzakumana naye mawa pa bwalo la mfumu.

Kuyambira mu 2022 kuli nyumba yolereramo ana a shoebill ku Chikuni. Kumeneko amasunga ana olanditsidwa kwa akuba, ndiponso ang'ono aja amene akadafa m'cisa. Owalera amasamala kuti anawo asazolowere anthu, ndipo akakula amawabwezera ku dambo.

Phindu kwa anthu

Wina angafunse kuti, kodi mbalame yosadyedwa ipindulitsa yani? Alendo ocokera ku maiko akutali amalipira ndalama kuti adzaione, pamodzi ndi nyama zochedwa black lechwe zimene sizipezeka kwina kuli konse koma m'dera la Bangweulu. Asodzi ndiwo amawapalasira mabwato, ndipo gawo la ndalama zocokera ku nyama limapita ku makomiti a m'midzi. Mwana wa shoebill wogulitsidwa amabweretsa ndalama kamodzi kokha m'thumba la munthu mmodzi, ndipo wogwidwa naye amaimbidwa mlandu potsata lamulo la nyama za kuthengo la 2015. Mbalame yamoyo imaitana alendo caka ndi caka.

Tikumbukirenso kuti mbalameyi imadya nsomba zomwe anthu amadya. Dambo likaonongeka, njala imagwira onse. N'cifukwa cace Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane.

Phunziro kwa ife a Kum'mawa

Nzeru yopatsa eni dziko udindo wosunga nyama si yacilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1980 anyamata a m'midzi ya ku Lupande, m'cigwa ca Luangwa, anayamba kugwira nchito ya ulonda wa nyama, ndipo njira imeneyi inafalikira m'madera ena pansi pa dzina la ADMADE. Madambo a Luangwa nawonso analowa pa mndandanda wa Ramsar mu 2007.

Pafupi mudzi uli wonse uli ndi dambo lace, kumene timalima madimba, kumwetsa ng'ombe ndi kumweta udzu wofolera. Koma alipo anthu amene amalitentha nthawi isanakwane, ena amathira katupe m'maiwe, enanso amakokera nsomba ndi masikito amene anapatsidwa kuti aziteteza ana ku malungo. Mafumu, anyakwawa ndi makomiti a m'midzi akhale pansi nyengo ya moto isanafike, asankhe anthu okhulupirika oyang'anira madambo ao, ndipo anthu onse awamvere monga m'mene asodzi a ku Bangweulu amamvera alonda a zisa.