Owerenga zidindo za pa mfuti zakale

Katswiri wa mfuti zakale akailandira mfuti m'manja sayamba wafunsa ngati imalira. Amatsimikiza kaye kuti mulibe wonga kapena chipolopolo, n'kuipukuta ndi kansalu kouma, kenako amaitembenuza pang'onopang'ono kufunafuna tizidindo tating'ono ngati njere za mawere. Tina timabisala pansi pa mpope, moti amachita kuuchotsa pa mtengo wake kuti ationepo.

Tizidindoto ndi chiphaso cha mfuti. Mizinda yosula mfuti ku Ulaya inali ndi nyumba zoyesera mipope: London kuyambira 1637, Liège ku Belgium kuyambira 1672, Birmingham kuyambira 1813. Mpope ukapirira wonga wochuluka osang'ambika, ankaudinda. Zilembo za ELG zili m'kamzere kozungulira ngati dzira zimasonyeza Liège, ndipo ngati pamwamba pake pali chisoti chachifumu, mfutiyo inayesedwa kuyambira 1893 kupita m'tsogolo. Kamuvi kotambalala kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Wodziwa amawerenga zimenezi ngati kalata.

Ntchitoyi imalemeretsa anthu ku America. Kumeneko volovolo ya Colt yozokotedwa maluwa ndi Gustave Young, mmisiri wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku Hartford m'zaka za m'ma 1850, imapimidwa mzere uliwonse ndi galasi lokulitsa zinthu. Kampani ya Colt imasunga mabuku ake akale, ndipo munthu akalipira imamulembera kalata yonena tsiku limene mfutiyo inatuluka m'fakitale, kumene inatumizidwa, komanso ngati inachoka ili yozokotedwa kale. Mfundo yomalizayi ndiyo imagwetsa ambiri, chifukwa akathyali amatenga volovolo wamba n'kuizokota dzulodzuloli. Mu 2018, Colt Walker imodzi ya mu 1847, pa 1,100 zokha zimene zinapangidwa, inagulidwa madola 1.84 miliyoni pa malonda a Rock Island Auction.

Kuno ku Zambia, kwa Nkomeshya, mfumu ya Asoli m'boma la Chongwe kum'mawa kwa Lusaka, mfuti ya makolo ndi gogodera, yothira wonga kukamwa. Dziko la Asoli linali panjira ya Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku Feira, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, magulu a atsogoleri awo ngati Kanyemba ndi Matakenya ankakwera kumtunda ndi nsalu, wonga ndi mfuti, n'kutsika ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Zina mwa mfuti za malonda amenewo zinali zolembedwa TOWER, zina zinali za mtundu wa Lazarino, dzina la amisiri a ku Brescia ku Italy limene osula a ku Portugal ndi ku Liège ankangolidinda pa mipope yawo yotchipa. Chinyengo cha pa zidindo sichinayambe lero.

Apa ndiye mutu umamuwawa woyesa mtengo. Asoli ndi osula chitsulo kuyambira kale, ndipo gogodera ikathyoka sinkatayidwa. Inkapita ku chipala. Wosula ankapopa mvukuto, n'kusula kachitsulo katsopano, mtengo wofumbwa n'kusema wina, pong'aluka n'kukulunga waya kapena chikopa chachiwisi chomwe chikauma chimagwira ngati simenti. Pakapita mibadwo itatu, mwina chotsala cha ku Birmingham ndi mpope wokha. Pamsika wa kunja mfuti yotero imatsika mtengo kwambiri, popeza ogula amafuna zonse zikhale za m'fakitale. Koma wosunga zakale mu myuziyamu amaiona mwina: chigamba chilichonse chimamuuza za dzanja la mmisiri wa kuno. Pa awiriwa, wa ku myuziyamu ndiye akuiwerenga bwino mfutiyo.

Onse awiri amadandaula chinthu chimodzi. Mwini mfuti akamva kuti kukubwera woiona, amatenga mchenga kapena sandipepala n'kuikwecha mpaka iwale. Dzimbiri limachokadi, koma limapita limodzi ndi zidindo.

Nanga mbiri yake? Kuno kulibe kalata ya ku Hartford. Kuli agogo amene amakumbukira kuti mfutiyi inabwera ndi uje, inapha njovu pa dambo lakuti, inalira pa maliro a mfumu yakuti. Wofufuza amakhala pamphasa, amalemba, kenako amayerekeza ndi zidindo. Nthawi zina zimagwirizana. Nthawi zina mfuti imene banja limati inamenyana ndi Achikunda imapezeka ndi chidindo cha zaka zam'mbuyo muno, ndipo kunena zimenezi pamaso pa akuluakulu kumafuna ulemu wosankha mawu.

Mavolovolo enieni anabwera ndi atsamunda, makamaka a Webley amene asilikali ndi apolisi a Britain ankamangirira m'chiuno. Webley Mk VI inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, nkhondo yomwe kuno inatha pa 25 November 1918 pamene mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala. Mavolovolo ambiri anali osazokotedwa, zida za ntchito basi.

Munthu womaliza pa mzerewu ndi wapolisi. Ku Zambia lamulo la mfuti, Firearms Act, limafuna chilolezo, ndipo gogodera nayo ili ndi malamulo ake. Palinso lamulo la mu 1989 la National Heritage Conservation Commission, lomwe limateteza zinthu zakale za chaka cha 1924 chisanafike ndi kuletsa kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo. Choncho mlendo akafika pamudzi ndi ndalama m'thumba, n'kuloza gogodera ya agogo yopachikidwa kudenga, ulendo woyamba wa banjalo ndi wa ku polisi ya Chongwe, wachiwiri ku Lusaka National Museum, mfutiyo isanakwechedwe.