Alamu Imene Tinaipeza M'nyumba



Madzulo ano tikambirana za vuto limene limagwera anthu ambiri oloŵa m'nyumba yogula kapena ya lendi m'tauni. Eni ake oyamba anasamuka ndi katundu wawo yense, koma pakhoma anasiya kabokosi ka mabatani, ndipo panja anasiya lipenga lochenjeza za akuba, lija timati alamu. Tsono pakati pa usiku lipenga lija lilira popanda wakuba. Usiku woyamba anansi adzuka ndi zibonga. Usiku wachitatu angosuzumira pazenera. Pofika sabata yachiŵiri palibe amene atembenuka n'komwe pogona pake. Apa ndiye pali ngozi, pakuti tsiku limene wakuba weniweni adzafike, alamu idzalira koma wobwera sadzaoneka.

Ena akatopa amangodula mawaya. Musafulumire kutero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tifufuze mwadongosolo.

Tiyambe ndi magetsi. Mabatani aja ndi pakamwa chabe pa chipangizochi. Mtima wake ndi bokosi lina lalikulupo, lobisika m'kabati kapena kudenga. Bokosilo limalandira mphamvu kudzera m'thiransifoma imene imatsitsa magetsi a m'nyumba, a mavoti 230, kufika pa mavoti 16 kapena pafupi pamenepo. Onani ngati pulagi yake ili m'malo ndiponso ngati fyuzi sinapse.

M'bokosi lomwelo muli batire ya mavoti 12, yoti izigwira ntchito magetsi akazima. Batireyi imakhala zaka 3 mpaka 5, ndipo kumene magetsi amazimazima imafa msanga koposa. Ngati alamu yanu imalira magetsi akangozima kapena akangobwera, kayikirani batire poyamba. Mukaipeza yotupa kapena yochita dzimbiri m'mitu, gulani ina yofanana nayo. Waya wofiira apite kofiira, wakuda kwakuda. Musanatsegule bokosi zimitsani magetsi ake pakhoma, ndipo uzani anansi, chifukwa chitseko chake chimakhala ndi kaswichi kamene kamaliza lipenga munthu akachitsegula.

Magetsi akakhala bwino, tione zitseko ndi mazenera. Nyumba imagaŵidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nambala kapena kanyali kake pamabatani. Pachitseko pamakhala kamaginito, pamphuthu pamakhala kaswichi. Ziŵirizi zikatalikirana, alamu imayesa kuti chitseko chatseguka. M'dzinja matabwa amafufuma ndi chinyezi, chitseko n'kupindika, ndipo mpata ukakula alamu iyamba kunama. Itanani mnzanu. Wina aime pamabatani, wina azitsegula chitseko chimodzichimodzi, ndipo mulembe papepala nambala ya malo alionse. Pepala limenelo lidzakupulumutsani ku ndalama zambiri za amisiri.

Palinso timaso toyera tija ta m'ngodya za zipinda. Timeneti timamva kutentha kwa thupi limene likuyenda. Choncho mphaka, nalimata woyenda pagalasi lake, kangaude womanga ukonde pamenepo, ngakhale nsalu ya pazenera yotenthedwa ndi dzuŵa ikamakupizidwa ndi mphepo, zonsezi zingathe kutinamiza. Tipukuteni ndi kansalu kouma, ndipo tsekani mazenera pogona.

Alamu zambiri zakale zinkaitana alonda kudzera m'waya wa telefoni ya m'nyumba. Ngati telefoniyo inachotsedwa, mabatani amalira pang'onopang'ono kudandaula za waya wosoŵayo. Mmisiri angathe kuletsa dandaulo limeneli. Koma dziŵani kuti alamu yotere imangolira pakhomo pokha. Palibe mlonda wakutali amene akuimva kufikira mutapangana nawo mwatsopano.

Tsopano mfundo yaikulu koposa zonse. Nambala yachinsinsi imene munapatsidwa siili ndi inu nokha. Eni ake akale aidziŵa, antchito awo aidziŵa, mwinanso abale awo ndi omanga amene anagwirapo ntchito. Alamu zambiri zimasunga manambala angapo nthaŵi imodzi, kotero kusintha yanu yokha sikukwanira. Fafanizani zonse zakale. Palinso nambala ina ya mmisiri amene anaika chipangizocho. Ikasoŵa, lembani dzina ndi mtundu wa alamu monga zalembedwa pabokosi, ndipo pitani nazo kwa mmisiri wodziŵika, amene kaŵirikaŵiri angathe kuibwezera mmene inachokera kufakitale. Safunsa anadya phula.

Munthu woloŵa m'nyumba yatsopano amasintha maloko. Alamu nayonso ndi loko, ndipo iyenera kumvera mwini wake watsopano. Mukaikonza, muziiyesa kamodzi pamwezi, masana, anansi atadziŵa, kuti ikadzalira usiku aliyense adzadzuke.