Mnzako Akakuchongera Ntchito



Akuluakulu ena akukumbukira Malaŵi Correspondence College, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata imene idatsegulidwa m'chaka cha 1965. Munthu wa ku Muloza kapena ku Chitakale ankalemba mayankho ake, nkuwatumiza ku Blantyre pa positi. Pepala lija limabwerera patapita masabata, litachongedwa ndi inki yofiira, mwini wake ataiŵala kale chimene ankaganiza polemba.

Lero zinthu zasintha. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi malo ophunzitsirapo anthu ophunzira ali kwao ku Mulanje komweko, ndipo zolemba zimayenda pa intaneti. Komabe vuto lakale lija silinathe: ophunzira ndi ambiri, wochonga ndi mmodzi. Nchifukwa chake aphunzitsi ena amauza ophunzira kuti ayambe achongerana okha.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa pulaimale ndi kalaliki wa ku esiteti ya tiyi ali m'kalasi imodzi. Wowaphunzitsa amawapatsa muyeso wolembedwa: yankho labwino likhale ndi mfundo zakutizakuti, ndipo mfundo iliyonse ili ndi malikisi akutiakuti. Aŵiriwo amasinthana zolemba pa WhatsApp, aliyense nkusonyeza pamene mnzake waphonya. Atakonza, amatumiza kwa mphunzitsi, amene amaona zolembazo pamodzi ndi ndemanga za wochonga uja. Malikisi otsiriza amapereka ndi iye.

Phindu lalikulu amalipeza ndi wochongayo. Izi ndidaziona ku koleji ya aphunzitsi, pamene tinkaunikana pophunzitsa moyeserera: cholakwa chimene sindinkachiona pa ine ndinkachiona msanga pa mnzanga, kenaka nkuzindikira kuti nanenso ndimachita chomwecho.

Koma pali chinthu chimodzi chondidetsa nkhaŵa. Ife tidaleredwa kuti wamkulu sadzudzulidwa pamaso. Mtsikana wa zaka 22 akapatsidwa pepala la bambo amene ndi mkulu wa mpingo kwao, amalemba kuti "Zili bwino, bambo," ngakhale yankho lili lopotoka. Bamboyo amakondwa, nkudzalephera mayeso. Ena amachotsa maina pa mapepala, ndipo zimathandizadi, ngakhale m'gulu laling'ono anthu amadziŵana kalembedwe. Ine ndikuona kuti mphunzitsi azipereka malikisi ena pa ndemanga yeniyeniyo, kotero kuti wolemba "Zili bwino" popanda kunena chifukwa chake azitaya nawo.