Anthu a ku Nyanja ya Titicaca ndi Chisanu Chao

Nyengo ya chisanu yafikanso. M'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu anthu akuotha moto m'mawa ndi madzulo, ndipo ambiri a inu mwakumba mbatata ya kachewere m'minda mwanu. Kodi munayamba mwafunsa kumene mbeu imeneyi inachokera? Ena ayesa kuti kwao nku Ulaya, popeza Azungu ndiwo anadza nayo kuno. Koma iai. Kwao kwa kachewere nku mapiri a Andes, ku South America, ndipo oyamba kuilima, zaka zoposa 7,000 zapitazo, anali anthu a m'dziko lozinga nyanja ya Titicaca. Mwezi uno tifuna kukusimbirani za adzukulu a anthu amenewo, makhalidwe ao, ndi maganizo ao pa chisanu chimene akhala nacho masiku onse a moyo wao.

Dziko lache

Nyanjayi iri pa malire a maiko awiri, Peru ndi Bolivia. M'litali mwache ndi makilomita ngati 190, m'mimba mwache ngati 80. Nyanja yathu ya Malawi iiposa katatu ndi kupitirira. Chodabwitsa ndi pamene yakhala, pakuti iri mamita 3,812 pamwamba pa nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ifika mamita 3,002 okha. Ndiko kuti munthu woima pa Sapitwa ayenera kukwerabe mamita 800 kuti akasambe m'manja m'madzi a Titicaca. Mukayang'ana pa mapu mudzapeza kuti nyanjayi yalunjikana ndi mzinda wa Blantyre, chotero nyengo zao zitsatana monga zathu: mvula igwa kuyambira Disembala kufikira Malichi, ndipo chisanu chilimba mu Juni ndi Julayi.

Usana dzuwa liwala mwaukali mpaka kusupula khungu, koma likangolowa kuzizira kugwa ngati mwala, ndipo madzi ogona pabwalo mumtsuko apezeka m'mawa ataundana. Nyanja yokha siundana. Isunga kutentha kwa usana niipumira pa minda ya m'mbali mwache usiku, nchifukwa chache midzi yachuluka m'mphepete mwa madzi. Mitengo njosowa, kotero kuti amai ambiri a kumidzi aphikira ndowe youma ya ng'ombe ndi ya llama, nyama yoweta ya khosi lalitali yosenza katundu. Nyumba amanga ndi zidina, zitseko ndi mazenera zikhala zazing'ono kuti mphepo isalowe. Amai avala masiketi angapo pamodzi, nabereka ana kumbuyo m'nsalu ya mawangamawanga monga achitira amai athu. Mitundu yaikulu ya kumeneko ndi iwiri, Aymara ndi Quechua, ndipo uliwonse uli ndi chinenero chache.

Chisanu chiri pawiri

Mlendo akafika kumeneko afulumira kunena kuti dziko lotere nlosayenera munthu. Eni ache saganiza chomwecho, chifukwa iwo asiyanitsa chisanu choononga ndi chisanu chothandiza. Choononga ndi chija chigwa mu Januwale kapena Febuluwale, mbatata iri pa maluwa. Usiku umodzi wokha chitha kupsereza munda wonse, ndipo mnzache ndi matalala. Masiku amenewo anthu sagona tulo. Akaona thambo loopsya asonkha moto wautsi m'minda, ena naphulitsa zophulika mumlengalenga poyesa kuingitsa matalala.

Koma chisanu cha mu Juni achidikira monga ife tidikira mvula yodzalira. Atatha kukumba asankha mbatata zazing'ono, makamaka za mtundu wowawa umene sudyeka wauwisi, naziyala pa udzu poyera. Usiku ziundana gwa ngati miyala, usana dzuwa lizifewetsa. Pakapita masiku atatu kapena kuposapo, banja lonse lidza kudzaziponda ndi mapazi, kuti madzi atuluke ndi makungu achoke, kenaka aziyanika mpaka ziume. Chotsalacho nchakuda, chopepuka, cholimba ngati nkhuni, ndipo achitcha chuño. Pali mtundu winanso woyera, dzina lache tunta, umene atauundanitsa auviika m'madzi oyenda kwa milungu ingapo asanauyanike. Kuwawa konse kuchoka ndi madzi aja. Inu amene mudziwa makaka a chinangwa mwaizindikira kale nzeru imeneyi. Kusiyana kwache nkwakuti chuño chosungidwa pouma chikhala zaka zambiri osaonongeka.

Mafumu a Inca, amene analamulira dzikoli Asipanya asanafike, ankadzaza nkhokwe zao zamiyala ndi chakudya chimenechi, kuti adyetse asilikali ndi anthu pa chaka cha njala. Asipanya nawonso, atapeza siliva ku Potosí m'chaka cha 1545, anadyetsa chuño anthu amene anawakakamiza kukumba m'migodi. Kuyambira kale anthu ena a m'mizinda achinyoza, nati nchakudya cha amphawi, ndipo alendo ambiri ati chinunkha dothi. Koma kwa mlimi wa kumeneko chuño nchuma chosungika, monga ng'ombe m'khola. Aphikira msuzi wotchedwa chairo, asinthanitsa ndi chimanga ndi zipatso za ku zigwa zotentha, ndipo mvula ikakana ndicho chipulumutsa ana.

Tisakunamizeni kuti anthuwa aona zokoma zokhazokha. Chaka ndi chaka m'chigawo cha Puno, ku mbali ya Peru, ana ang'ono ndi okalamba amwalira ndi chibayo m'miyezi yozizira, ndipo chisanu chikanyanya alpaca, ziweto zopatsa ubweya, zifa zambirimbiri. Iwo adziwa bwino lomwe kuti chisanu chiwadyetsa ndiponso chiwalira maliro.

Nsangwe za pa Yohane Woyera

Usiku wa pa 23 Juni, kukacha chaka cha Yohane Woyera Mbatizi, anthu a kumeneko ati ndiwo wozizira kuposa usiku wina uliwonse. Masiku omwewo alimi a m'mapiri a Peru ndi Bolivia adzuka mbandakucha nakwera pa chitunda kukayang'ana Nsangwe, kagulu kaja ka nyenyezi kamene inunso mukadziwa. Zikaoneka zambiri ndi zowala ati mvula idza bwino, ndipo adzala mbatata pa nthawi yache. Zikaoneka zochepa ndi zachizimezime ati mvula ichedwa, nazengereza kudzala kwa milungu inai kapena isanu ndi umodzi.

Munthu wa sukulu akhoza kuyesa zimenezi nkhambakamwa. Koma m'chaka cha 2000 Benjamin Orlove ndi anzache awiri analemba m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature kuti alimiwa saphonya. M'zaka za El Niño, zimene zibweretsa chilala ku mapiri amenewo, kumwamba kwenikweni kuyala timitambo topyapyala tosaoneka ndi maso, ndipo nditimeneto tiphimba kuwala kwa Nsangwe. Chimene ophunzira anachipeza ndi makina, makolo a kumeneko anachipeza kale ndi maso ndi kupirira kuzizira kwa m'mamawa.

Pamene asiyana maganizo

Musayese kuti anthu a ku Titicaca agwirizana pa zonse. Pali nkhani zitatu zimene akambirana kosatha, ndipo zonse zifunsa funso limodzi: kodi chatsopano ndi chakale, chodalirika nchiti?

Yoyamba ndi ya nsomba. Makolo ao ankadya karachi, kansomba ka minga yambiri kokoma mumsuzi, ndi ispi, yaing'ono ngati usipa. Cha m'ma 1940 maboma anathiramo nsomba yachilendo ya ku North America yotchedwa trucha, ndipo m'zaka za m'ma 1950 munalowanso pejerrey ya ku Argentina. Zonse ziwiri zidya tinsomba ta m'nyanjamo. Lero nsomba ina ya makolo, umanto, sionekanso konse, ndipo karachi wachepa. Amene aweta trucha m'makola a ukonde oyandama ati nsombayi ndiyo iwapatsa ndalama zophunzitsira ana. Asodzi a khoka ndi okalamba ati nyanja yasauka. Onse awiri anena zoona. Walira mvula walira matope.

Yachiwiri ndi ya minda. Zaka mazana ambiri zapitazo anthu a m'zigwa za m'mbali mwa nyanja ankaunda mitumbira ikuluikulu, nakumba ngalande za madzi pakati pache. Aitcha waru waru, kapena suka kollu m'Chiaymara. Madzi a m'ngalande atentha usana nateteza mbeu ku chisanu usiku, ndipo matope ache ndi manyowa. Ulimi umenewu unaiwalika, kufikira m'zaka za m'ma 1980 pamene ofufuza zakale pamodzi ndi anthu a ku Huatta, ku Peru, anaudzutsanso. Poyamba zokolola zinali zokondweretsa, ndipo mabungwe ambiri anathandiza. Koma thandizo litatha midzi yambiri inasiya. Ena ati nchito yache njaikulu koposa, pamene anyamata athamangira ku mizinda ya Juliaca ndi El Alto, ndipo ng'ombe za mkaka zipindula msanga pa malo omwewo. Ena alimbikirabe, nati munda wotere sukana chaka choipa.

Yachitatu ndi ya alendo odzaona dziko. Pafupi ndi mzinda wa Puno pali anthu otchedwa Uros, okhala pa zisumbu zoyandama zimene adzipangira okha ndi totora, udzu wa m'madzi wonga mlulu. Wapansi ukamaola ayala wina pamwamba. Amangira nyumba ndi mabwato, ndipo tsinde lache loyera alidya. Kutsogolo, m'kati mwa nyanja, kuli chisumbu cha Taquile, cha anthu ngati 2,000, kumene amai aomba nsalu koma oluka zisoti ndi amuna, ndipo mnyamata aphunzira kuluka akali mwana. Chisoti chofiira chonse nchisonyezo cha mwamuna wokwatira, chofiira ndi choyera ncha mbeta yaimuna. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza luso lao monga chuma cha anthu onse. Alendo atayamba kudza m'zaka za m'ma 1970, anthu a pa Taquile anasonkherana nagula mabwato, nagawana alendowo nyumba ndi nyumba. Pambuyo pache amalonda a ku Puno analanda gawo lalikulu la malondawo. Tsono ena ayamika alendo chifukwa abweretsa ndalama zimene zisunga achinyamata kwao. Ena adandaula kuti phindu lalikulu litsala kumtunda, ndi kuti mwambo ukasanduka chionetsero usiya kukhala mwambo.

Pamene agwirizana

Chimodzi chimene ambiri sakangana nacho ndi mwambo wa ayni. Lero mnzako akuthandiza kukumba mbatata kapena kufolera nyumba, mawa iwe ukamthandiza mulingo womwewo. Ufanana ndi dima lathu, koma iwo awerenga mosamala, ndipo wosabweza achita manyazi pamaso pa mudzi wonse. M'dziko limene usiku umodzi utha kulanda munthu zokolola zache zonse, palibe ayesa kuima yekha. Kupatsa nkuika, anatero makolo athu. A kumeneko akadamva akadavomera. Pa Taquile ana akula ndi malamulo atatu a makolo: usabe, usaname, usachite ulesi.

Ambiri a iwo ndi akristu anzathu. Ku Copacabana, ku mbali ya Bolivia, kuli chifaniziro cha Maria Virigo Woyera chimene anasema Francisco Tito Yupanqui, wa mbumba ya mafumu a Inca, ndipo chinalowa m'mudzimo pa 2 Febuluwale 1583. Tsiku lomwelo la chaka mzinda wa Puno uchita chikondwerero chachikulu cha Maria wa Candelaria, ndi magule a anthu zikwi zambiri. Taonani kuti chikondwererochi chigwa pa nyengo yomwe ija ya mantha, mbatata iri pa maluwa ndipo chisanu choononga chiri pafupi. Mlimi wovina m'mseu mtima wache uli kumunda. Ambiri asungabe ndi mwambo wakale wothira pansi pang'ono chakumwa asanamwe, kupatsa Pachamama, ndiko kuti Mai Nthaka, monga makolo athu ankathirira nsembe.

Nkhawa ya masiku ano

M'chaka cha 2023 mvula inakana, ndipo madzi a nyanja anaphwa kotero kuti pa madooko ena mabwato anakhala pa matope. Zonyansa za m'mizinda ndi za m'migodi zidetsanso magombe ena. Ndipo imvani chodabwitsa: alimi ena adandaula kuti chisanu cha mu Juni sichidalirikanso monga kale, nasenza mbatata zao kukwera nazo ku mapiri kuti zikaundane bwino. Anthu amene mlendo awamvera chisoni chifukwa cha kuzizira, iwo nkhawa yao njakuti kuzizira kungachepe.

Abale athu, pamene mukudya kachewere madzulo ano, kumbukirani kumene anachokera ndi anthu amene anamlera. Iwo sayembekeza njala kuti ayambe kuganiza. Mwezi womwe wa zokolola ayamba kuponda chuño, zala za kumapazi zitachita dzanzi. Funso limene mlimi wa ku Titicaca adzifunsa mu Juni ndi lathu lomwe: kodi ana adzadyanji mu Febuluwale? Ogula afika kale m'midzi ndi masikelo ao. Musanagulitse, werengani matumba, werenganinso pakamwa pa ana anu. Yanikani makaka ndi mfutso dzuwa likadalipo, ndipo mnansi akakuitanani ku nchito yache musakane. Ambuye adalitse nkhokwe zanu ndi mabanja anu onse.