Manjawira: pamene ena amangodutsa, ife tidatsikapo

Funsani aliyense woyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ngati amapadziwa pa Manjawira, akuyankhani msangamsanga kuti eya. Mufunseninso kuti adapondapo liti phazi, muona akukanda m'mutu. Ambirife timapadziwira pawindo la basi. Mwaoloka mlatho wa Zalewa, Phalula ndi Senzani zatsala m'mbuyo, tulo tayamba kukuberani, kenako basi ichepetsa liwiro, muona matumba a makala atandandalikidwa, timagolosale, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo pamthunzi, basi mwapitirira. Posakhalitsa muli pa Chingeni, maganizo ali kale ku Ntcheu kapena ku Balaka.

Pa ulendo wathu woyendera matauni a m'dziko muno, tsiku lina tidati titsikepo, tigonepo, ndipo m'mawa mwake tichite chinthu chomwe Amalawi ambiri timati n'cha azungu: kuhaya galimoto ndi dalaivala wake tsiku lathunthu, osati popita kumaliro kapena kuchinkhoswe, koma kukangoona dziko.

Munthu akamva za Ntcheu amaganiza za chisanu, mbatata ya kachewere ndi kabichi wa ku Tsangano. Manjawira ndi Ntcheu ina. Ili kumunsi, kummwera kwa boma, chakumene kuli dera la Mfumu Phambala, ndipo nyengo yake ndi ya ku Balaka: dzuwa loswa mtengo, milambe, mbuzi, nandolo, thonje. A zaulimi adaligawa boma la Ntcheu m'zigawo zisanu ndi ziwiri, ndipo china mwa izo chimatchedwa dzina lomweli la Manjawira. Zinazo ndi Nsipe, Bilila, Sharpevale, Kandeu, Njolomole ndi Tsangano. Mlimi wa kuno ndi wa ku Tsangano ali m'boma limodzi, la anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma mvula ikadula mu Januwale amene amayamba kulira ndi wa kuno. Makala aja mumawaona m'mbali mwa msewu ndi mbali ya nkhani yomweyo. N'kosavuta kuwadzudzula muli m'galimoto yozizira mkati, koma amene amaima n'kukweza matumba awiri kumbuyo ndife tomwe a m'tauni.

Chuma chenicheni cha Manjawira, mwa kuona kwanga, ndi pamene adakhala. Pa Chingeni msewu umagawikana: wina ukwera ku Ntcheu, Dedza mpaka Lilongwe, wina ulowera ku Balaka ndi Liwonde, ndipo chapafupi pomwepo pali wopita ku Salima kudzera ku Bilila, Sharpevale ndi Golomoti. Wodzuka pa Manjawira m'mamawa ali ndi galimoto yomumvera angathe kukaona njovu, kapena kukaona zigoba za gule, kapena kukaima pamanda a mfumu ya Angoni, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Vuto n'lakuti minibasi simvera munthu. Imaima pamene kondakitala waona ndalama, osati pamene maso anu akopeka.

Kampani yobwereketsa galimoto kwa alendo musaiyembekezere pano. Zotere n'za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pano mumapita pasiteji, n'kuyang'ana mwa timagalimoto ta Toyota Sienta tija tadzaza m'misewu yathu, tomwe adatipangira anthu asanu ndi awiri koma timanyamula oposa apo, kuphatikizapo thumba la chimanga ndi nkhuku. Dalaivala amene tidagwirizana naye, bambo wa zaka za m'ma 40 yemwe sitimutchula dzina, poyamba sadamvetse. Adafunsa kuti kuli zovuta kodi. Titati ayi, adafunsa ngati ndife a bungwe. Titati tikungofuna kuzungulira, adatiyang'ana ngati tamwa.

Mtengo wa hayala suchokera m'mutu mwa dalaivala chabe, ndipo wodziwa mmene amawerengera sakangana naye nthawi yaitali. Madalaivala ambiri galimoto si yawo. Mwini wake amayembekezera ndalama yakutiyakuti madzulo alionse, imene iwo amaitcha tageti, ndipo zotsala pamwamba pake ndiye phoso la kunyumba. Mukamuchotsa pamsewu tsiku lonse muyenera kubweza tageti ija, kuikapo yake ya iye mwini, ndiye padera mafuta. Pa mafutapo ndi pamene ubale umathera. Njira yabwino ndi kupita naye limodzi pothira, mulipire nokha, muone ndi maso anu pamene muvi waima. Mukapereka ndalama ya mafuta m'manja, galimoto imayamba kudwala ludzu lachilendo. Gwirizananinso za nkhomaliro, za chipata cholipiritsa, ndi ola lobwerera. Onani matayala, funsani ngati la sipeya lilipo ndipo lili ndi mpweya, yang'anani pagalasi ngati mapepala a inshuwalansi ndi a COF sadathe masiku. Galimoto yololedwa kunyamula anthu pa malipiro imakhala ndi nambala yofiira. Apolisi a pamsewu akakuimitsani, kusowa kwa zimenezi kumadya ola lanu, osati la dalaivala yekha.

Chimodzi tidaiwala kupangana, ndipo tidachiona tisanafike n'komwe pa Chingeni. Mayi wina atabereka mwana adakweza dzanja m'mbali mwa msewu, phazi la dalaivala lidapita lokha pabuleki. Adatembenuka, nati: “Bwana, mipando ilipotu.” Ndidati: “Achimwene, lero mipando yonse ndalipira ine.” Adaseka, tidapitirira, koma pagalasi ndidamuona mayi uja akutsitsa dzanja pang'onopang'ono, dzuwa lili pamutu pa mwana. Kunena zoona, chigamulo changacho sichidandikomere. Tsiku lonse dzanja la dalaivala linkangofuna kuliza hutala paliponse pamene paima munthu, ngati mwendo wa wosoka pa makina umene umapondaponda ngakhale ali m'tchalitchi.

Pa Chingeni tidalipira. Chipata chimenechi, chomwe aliyense amangoti toll gate, chidatsegulidwa mu Novembala 2021 ndipo ndicho choyamba m'dziko muno. Cha pa Kalinyeke ku Dedza chidabwera pambuyo pake. Ndalama zake amatolera a Roads Fund Administration, ndipo madalaivala ali ndi ndemanga zawo pa za maenje amene amawazemba akangochoka pachipatapo.

Apa ndi pamene tidayenera kusankha. Kudzanja lamanja kukadatifikitsa ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, kenako ku Liwonde. Nkhalango ya Liwonde idasintha kuyambira 2015 pamene a African Parks adayamba kuiyendetsa: akakwiyo adabwezedwamo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 mudalowa zipembere 17 zochokera ku South Africa. Koma Sienta ndi yofupika miyendo, ndipo m'nkhalango nthawi ya mvula ingakuchititseni manyazi pamaso pa njovu. Njira ya ku Salima ikadatifikitsa ku Mua, mishoni ya 1902, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Ife tidasankha kukwera mtunda, poti nkhani yathu ndi ya Ntcheu.

Kuchoka pa Chingeni kudutsa Bawi ndi Kampepuza, dziko limasintha mukuliona. Milambe ichepa, mapiri a Kirk Range ayandikira chakumadzulo, mphepo yolowa pawindo iyamba kuzizira. Pa basi zimenezi zimakudutsani muli m'tulo. Apa ndidazindikira chimene ndidagula ndi ndalama yanga: si galimoto ayi, koma mphamvu yonena kuti “taimani apa” popanda wina kung'ung'udza kumbuyo. Tidaima kangapo popanda chifukwa chomveka. Kwina tidangoima kuyang'ana chigwa.

Pamndandanda wanga padali Nzama, kwa Njobvuyalema, kumene ansembe a chipani cha Montfort adafika mu 1901 n'kukhazikitsa mishoni ya Katolika yoyamba kukhalitsa m'dziko muno. Ija ya kwa Mponda ku Mangochi ya 1889 idatha patangopita zaka ziwiri. Dalaivala adawerenga maola pa zala, nati tikapita ku Nzama ndiye ku Lizulu tiiwaleko, apo ayi tibwerera usiku, ndipo iye msewu wa M1 usiku saukonda chifukwa cha mathiraki ndi njinga zopanda nyali. Ndidafuna kulimbalimba, koma adanena zoona. Mapu a pafoni amakuuzani makilomita. Sakuuzani kuti pamsika mukataya ola, kapena kuti kumudzi simungafike n'kungochoka osapereka moni. Nzama tidaisiyira tsiku lina, pamodzi ndi Gowa, mishoni ina yakale imene chiyambi chake chimakhudza Joseph Booth, mzungu uja adapita ndi John Chilembwe ku America.

Kumene tidakhalitsa ndi ku Nkolimbo, kufupi ndi boma la Ntcheu, pamene padagona Inkosi ya Makhosi Gomani Chikuse, Gomani woyamba. Mu 1896 asilikali a boma la atsamunda adamugwira pambuyo pa mkangano wokhudza msonkho, thangata ndi midzi yozungulira mishoni ya Dombole. Mbiri imene Angoni amasimba imati adakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, ndipo adamuphera panjira, pakati pa Dombole ndi Chiole. Mwana wake, Philip Gomani wachiwiri, naye adalimbana ndi boma lomwelo mu 1953 pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland: adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi, adachotsedwa pampando ali wodwala, adathawira ku Mozambique mothandizidwa ndi m'busa Michael Scott, adabwezedwa, n'kumwalira mu 1954. Bambo ndi mwana, zaka 57 pakati pawo, mlandu umodzi.

Chaka chilichonse chakumayambiriro kwa Seputembala, pa Nkolimbo pamadzaza anthu pa mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani wachisanu. Pamakhala zikopa, nthenga, zishango, ngoma ikugunda pansi ndi mapazi, nyama ndi mowa. Tsiku limene tidafika ife padali zii. Apa dalaivala adagwira ntchito imene sitidamulembere. Ine ndidatsika ndi kamera m'manja, ndikulunjika. Iye adandigwira mkono, nati pamalo ngati pano munthu sangofikira kujambula. Tiyambe tapeza akuluakulu, tipereke moni, tinene chimene tadzera. Adatsogola ndi iye, chipewa atavula, mawu atatsitsa. Munthu yemwe uja ankalimbana ndi hutala pamsewu adasanduka mkamwini wofika kwa apongozi. Mbiri ya 1896 sankaidziwa mwa zaka ndi madeti, zina ankasakaniza, koma ankadziwa khomo lolowera, chimene ine ndi mabuku anga ndidalibe.

Zimandidandaulitsa kuti malo olemera mbiri chotere timawafika mwa mwayi wa dalaivala amene wapezeka pasiteji tsikulo. Tikamakamba zokopa alendo timathamangira kunyanja ndi ku Mulanje, ngati kuti Ntcheu ndi khonde longodutsamo. Anyamata a Sienta ndi a kabaza a pa Manjawira, pa Chingeni ndi pa boma akadaphunzitsidwa masiku owerengeka okha za Gomani, za Nzama, za Gowa, bwenzi khonsolo ili ndi otsogolera alendo okhala kale ndi mawilo awo.

Kupitirira boma, kudutsa Biriwiri, mphambano ya ku Tsangano ndi Mlangeni, msewu umayenda m'malire enieni. Kumanja Malawi, kumanzere Mozambique. Pa Lizulu, likulu la a Gomani, mungagule tomato m'dziko lino n'kuoloka tala kukamwa chakumwa m'dziko lina, popanda wofunsa chiphaso. Kabichi, anyezi, karoti ndi kachewere zimaunjikidwa milumilu, ndipo galimoto ikangoima mazenera onse amadzaza mabeseni. Dalaivala adandiuza kuti ndikhale chete, atsatse ndi iye, chifukwa nsapato zanga zikweza mtengo. Adatsika, adazungulira, adakana kawiri, adachita ngati akubwerera kugalimoto, ndipo ndowa ya mbatata idatsika mtengo mayi wogulitsayo akuseka, akuthira basera.

Kenako adandipempha chinthu. Poti kumbuyo kuli malo, kodi angaikemo matumba ake awiri a kachewere? Ku Manjawira mbatata yotere silimidwa, ndipo a chiwaya amaigula bwino. Ndidakumbukira mayi wa m'mawa uja, ndidavomera msanga.

Pobwerera tidatsika mapiri dzuwa likupendeka, juzi imene ndidavala pa Lizulu ndidaivula tisanafike pa Bawi. Chakumunsi kwa Chingeni tidapeza agogo ena ali ndi kathumba pamutu, akweza dzanja. Dalaivala sadanene kanthu, adangondiyang'ana pagalasi. Ndidati aime. Agogowo adakhala pakati pa ine ndi ndowa ya mbatata, nafunsa kuti tikuchokera kumaliro a ndani.

Tidafika pa Manjawira kukuyamba kuchita chisisira, a chiwaya atayatsa kale moto. Ndidalipira yotsala ija, tidagwirana chanza. Ndisanaoloke n'komwe msewu, matumba a kachewere adali atatsitsidwa, mipando yakumbuyo yadzutsidwa, ndipo dalaivala wathu adali ataima pakhomo la galimoto akuitanira a ku Senzani ndi ku Phalula.