Ngongole ya msonkho siwola: zoyenera kuchita amalonda a kunyanja ku Salima

M'mbali mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Chipoka kudzera ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, anthu ambiri sadikira malipiro a pamwezi. Alipo eni zilimila ndi mabwato a injini, opikula usipa ndi utaka kukagulitsa ku Lilongwe, osema ziboliboli, eni nyumba zogona alendo komanso ogula mpunga. Munthu wolembedwa ntchito amadulidwa msonkho ndi bwana wake ndalama zisanafike m'thumba, koma wodzilemba yekha ntchito ayenera kuwerengera yekha phindu lake, kuliulula ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndi kulipira. Apa mpomwe ambiri amatsalira, ena chaka chimodzi, ena zaka zingapo.

Sikuti onse otsalira ndi ozemba. Ena amakhulupirira kuti chiphaso cha pamsika chomwe amadula kukhonsolo ya boma, kapena laisensi ya usodzi ya ku nthambi yoona za nsomba, ndiwo msonkho wonse. Zimenezi ndi zolipira zina. Msonkho wa phindu la bizinesi uli pawokha. Ena anatenga nambala ya msonkho, TPIN, pofuna kugulitsa nsomba kuhotela, malonda atatha naiwala kuti nambalayo ikadali yamoyo m'kaundula. Komanso ndalama za kunyanja zimayenda ndi nyengo: mwera ukaomba mabwato amagona padoko, ndipo pachilumba cha Mbenji usodzi umatsekedwa miyezi ya dzinja potsata mwambo. Tsiku lolipira likafika m'nyengo yotere, munthu amati adzaona mawa.

Malamulo amafuna zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kupereka fomu ya pachaka youlula zomwe bizinesi yapeza, pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesiyo chitatha. Chachiwiri ndi kulipira. Amene bizinesi yawo yakula amalipiriratu msonkho miyezi itatu iliyonse, ndipo zonse pamodzi ziyenera kukwana 90 pa 100 iliyonse ya msonkho wa chakacho. Kwa amalonda ang'onoang'ono, boma lidakhazikitsa mu 2021 msonkho wokhazikika wotchedwa presumptive tax, womwe pa nthawiyo udakhudza ogulitsa katundu wosapitirira K12.5 miliyoni pachaka. Koma kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mitengo idakwera, kotero wopikula nsomba yemwe amadziyesa wamng'ono akhoza kupeza kuti ndalama zodutsa m'manja mwake zidamulowetsa kale m'gulu lina.

Kukhala chete kuli ndi mtengo wake. Kuchedwetsa fomu kuli ndi chindapusa chake, kuchedwa kulipira kulinso ndi chake, ndipo chiwongoladzanja chimakwera pa ngongoleyo. Ngati munthu sanaulule kanthu, mkulu wa MRA ali ndi mphamvu zoyerekeza yekha msonkho womwe munthuyo ayenera kupereka, ndipo chiwerengero chotere sichidziwa za injini yomwe idamira kapena chilimila chomwe chidabedwa. Bungweli lingathenso kulamula banki kuti ichotse ndalama mu akaunti ya wangongole, kapena kulanda katundu. Ngakhale zisanafike pamenepo, wangongole sapatsidwa satifiketi yosonyeza kuti msonkho wake uli bwino, yomwe imafunika popikisana nawo pa ntchito za boma. Mwayi wogulitsa mpunga kapena nsomba kusukulu ndi kuchipatala umamudutsa akuona.

Wofuna kukonza zinthu ayambe ndi kudziwa pomwe waima. Pa ofesi ya MRA, kapena pa Msonkho Online, angaone zaka zomwe sadapereke fomu ndi ngongole yomwe idalembedwa pa TPIN yake. Amene sadalembetsepo, alembetse.

Kenako pabwere ntchito yovuta kwambiri, yosonkhanitsa umboni wa zaka zapitazo. Ambiri padoko alibe mabuku a bizinesi, koma mapazi a ndalama samafufutika onse. Sitetimenti ya kubanki, mbiri ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kope lolembamo ongongola nsomba, malisiti a petulo, maukonde, madzi oundana ndi mayendedwe a galimoto, zonsezi ndi umboni. Kufunika kwake nkwakuti msonkho wa phindu sawerengera pa ndalama zonse zolowa, koma pa zotsala akachotsa zomwe bizinesi idawononga poyendetsa ntchito. Wopanda umboni wa zomwe adawononga amalipira msonkho pa ndalama zomwe sadadye.

Pali pepala lina lomwe ambiri amalitaya osadziwa kuti ndi ndalama. Hotela kapena kampani ikagula katundu, kawirikawiri imadula msonkho pa malipiro nkupereka satifiketi kwa wogulitsa. Ndalama imeneyo idapita kale kuboma m'dzina la wogulitsayo, ndipo imachotsedwa pa ngongole yake. Wosodza amene wakhala akuperekera chambo kumahotela a ku Senga Bay akhoza kupeza kuti mbali ina ya ngongole yomwe imamusowetsa tulo idalipidwa kale.

Mafomu onse otsalira aperekedwe, kuyambira chaka chakale kwambiri, ngakhale ndalama zolipira palibe. Chaka chomwe bizinesi idaluza chifunikanso fomu yake, chifukwa malamulo amalola kuti kuluza komwe kwaululidwa kuchepetse msonkho wa zaka zotsatira, mpaka zaka 6. Ngongole yeniyeni ikadziwika, munthu angapemphe molemba kalata kuti azilipira pang'onopang'ono, ndipo nkwanzeru kulonjeza zomwe angakwanitse ngakhale m'miyezi ya mwera. Amene sakugwirizana ndi chiwerengero cha MRA ali ndi masiku 30 oti adandaule molemba. Ndalama ziperekedwe kudzera m'njira zovomerezeka ndipo lisiti lisungidwe. Kupatsa munthu ndalama pamanja kuti "akakonze zinthu" sikuchotsa ngongole m'kaundula.

Ena amadikira chikhululukiro, pokumbukira kuti mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, MRA idatsegula mwayi wa miyezi ingapo woti odziulula okha alipire ngongole popanda chindapusa. Mwayi wotere sukhala wa chaka chilichonse, ndipo podikirapo chiwongoladzanja sichiima. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amene wapita yekha, atanyamula makope ndi malisiti ake, amakambirana za chiwerengero chochokera m'bizinesi yake. Amene wadikira kalata amayamba ndi kutsutsa chiwerengero chomwe wina adamulembera.