Olota Maloto a Zaka Zilinkudza

Pali mtundu wina wa mabuku umene akuluakulu ambiri, ngakhale aja ophunzira ndithu, akaumva kutchulidwa amapukusa mutu nati nzachibwana, pakuti m'menemo muli anthu ouluka kunka ku nyenyezi, makina olankhula, mizimu yoyenda m'misewu ya m'tauni, ndi maufumu amene sadakhaleko pansi pano. Mabukuwa ali pawiri: ena amatsamira pa sayansi, nafunsa kuti dziko lidzakhala lotani luso la makina likadzapitirira pamene lafikapa, ena amatsamira pa matsenga ndi zozizwitsa, monga zinkachitira nthano za agogo. Kwa zaka zambiri alembi ake otchuka adali a ku Ulaya ndi ku America, kotero kuti munthu wakuda, powerenga za masiku am'tsogolo, ankadzifunafuna m'masambawo osadzipeza, ngati kuti mawa adalikonzera mitundu ina yokha. Tsono zimenezi zatembenuka ife tikupenya.

Amene adatsogola ndi ana a ku Nigeria. Mayi Nnedi Okorafor, obadwira ku America, adalemba Binti mu 2015, nkhani ya namwali wa mtundu wa Himba amene achoka kwawo mwakachetechete kukaphunzira pa sukulu yaukachenjede ya kuthambo. Bukulo lidalandira mphoto za Hugo ndi Nebula, ndipo mu 2025 mayiwa adatulutsanso lina, Death of the Author. Bambo Tade Thompson nawo adapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2019 ndi buku lawo Rosewater. Kuyambira 2017 Africa ali ndi mphoto zakezake za mabuku otere, zotchedwa Nommo.

Koma buku limene ndifuna kukhalapo pang'ono ndi la mnansi wathu, mayi Namwali Serpell, obadwira ku Lusaka, amene The Old Drift wawo adatuluka mu 2019 nalandira mphoto yomweyo ya Clarke chaka chotsatira. Nkhaniyo iyambira pa kamudzi ka atsamunda pafupi ndi mathithi a Victoria, nitsata mabanja atatu mibadwomibadwo, kudutsa pa kumangidwa kwa damu la Kariba, ufulu wa Zambia ndi mliri wa Edzi, kufikira masiku amene adali am'tsogolo pa nthawi yolemba bukulo, pamene timakina touluka tating'ono ngati udzudzu tili ponseponse. Ndipo chodabwitsa nchakuti amene amathirira ndemanga pa zochita za anthuwo ndi khamu la udzudzu lomwe. M'kati mwake muli munthu amene adakhalako ndithu, Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 adalengeza kuti Zambia idzafika kumwezi America ndi Russia asanafike, naphunzitsa achinyamata ake powagubuduza m'migolo kutsetsereka paphiri. Dziko lonse lidamseka, monga abale a Yosefe adanyozera wolota uja. Serpell samseka, komanso samyesa mneneri. Amuonetsa ngati munthu wa mtundu wongomasuka kumene, amene adakana kuti kuthambo kukhale kwa eni chuma okha. Ndinene poyera kuti bukuli nlalitali, ndipo pakati pake pamalemetsa. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwathu kuno nako sikudagone. Bambo Shadreck Chikoti adalandira mphoto ya Peer Gynt mu 2013 chifukwa cha Azotus the Kingdom, buku limene lidasindikizidwa mu 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikudzazo. Mu ufumu umenewo palibe njala, palibe kusowa. Munthu aliyense akhala yekha m'nyumba mwake, makina namchitira zonse, osadziwa mnzake, osamfunanso, kufikira mwamuna wina, Kamoto, ayamba kulakalaka zimene zili kunja kwa makoma. Mlembi wa kwina akadaopa makina opandukira anthu kapena nkhondo ya zida zoopsa, koma Mmalawi uyu, woleredwa pakati pa anthu amene amati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu, chimene adachiwona choopsa koposa ndicho kukhuta uli wekha. Apa mpamene pali phindu loti mtundu uliwonse uzilota maloto ake, pakuti mantha a anthu sali amodzi, ndipo amene wayang'ana banja lonse litakhala pa khonde, yense maso ali pa foni yake, sanganene kuti Chikoti adalota zakutali. A Chikoti omwewo adasindikizanso Imagine Africa 500, m'mene muli nkhani zazifupi za alembi a maiko angapo, pakati pawo Amalawi monga a Muthi Nhlema.

Nanga zimene zili m'njira? Owerenga akudikira buku lachitatu la Marlon James wa ku Jamaica, lotsiriza nkhani imene adaiyamba ndi Black Leopard, Red Wolf mu 2019 naipitiriza ndi Moon Witch, Spider King mu 2022. Koma makolo achenjere, pakuti m'mabuku amenewa, ngakhale adzala ndi afiti ndi zilombo za m'nthano, muli nkhanza zosayenera ana. Achinyamata angayambe ndi Children of Blood and Bone la Tomi Adeyemi, limene akulisandutsa kanema, kapena The Library of the Dead la T. L. Huchu wa ku Zimbabwe, lonena za mtsikana wa ku Edinburgh amene amalankhula ndi akufa poimba mbira.

Chondidandaulitsa ine nchakuti mabuku onse ndatchulawa adalembedwa m'Chingerezi, ndipo mtengo wake, akapezeka m'sitolo, ngwoposa thumba la mwana wa sukulu. Amene ali ndi foni ya intaneti angayambe ndi magazini ya Omenana ya ku Nigeria, imene kuyambira 2014 imasindikiza nkhani zazifupi za alembi a mu Africa, zowerenga popanda kulipira.